Nsalu Zobadwa Zitasuluka Kale

Azakhali anga atabwera kuchokera ku Leeds mwezi wa Disembala, aliyense pakhomo analandira kake. Wina nsapato, wina foni yakale, ana chokoleti chimene chinasungunuka tisanafike ndi pa Zalewa pomwe. Ine, poti ndine "wamabuku uja", anandiponyera buku limodzi ndi kamtolo ka nsalu komanga ndi mphira. Anati zinali za gogo wina wachizungu amene ankamusamalira kuntchito kwawo. Gogoyo atamwalira ana ake ankataya katundu, azakhali n'kutola.

Amene anamasula kamtoloko ndi agogo anga. Anasolola kansalu kamodzi kabulawuni ka timaluwa ting'onoting'ono, n'kupita nako padzuwa kukakayang'anitsitsa.

"Iwe, nsanzazi wakwera nazo ndege?"

"Amayi, si nsanza zimenezo," anatero azakhali akuseka. "N'zatsopano, ndipo n'zodula kuposa chitenje mwavalacho."

Agogo ananunkhiza. Zoonadi, fungo la m'sitolo linali likadalimo. Nsalu yosachapidwapo n'kamodzi komwe, koma yooneka ngati yafundidwa ndi mibadwo itatu. Anangopukusa mutu n'kubwerera ku mphika wawo, koma ine nkhaniyi yandikhala m'mutu mpaka lero.

Bukulo dzina lake ndi Dear Jane, analemba ndi Brenda Manges Papadakis, ndipo linatuluka mu 1996. Likunena za chofunda chimodzi chokha. Azungu amachitcha quilt: amalumikiza tizidutswa ta nsalu kukhala chinsalu chimodzi, pansi n'kuyala nsalu ina, pakati thonje, kenako n'kusoka zonse pamodzi. Chimene tikunenachi anasoka ndi mayi wina dzina lake Jane Stickle, wa ku Shaftsbury m'chigawo cha Vermont ku America, ndipo anachimaliza mu 1863, nkhondo yapachiweniweni ili mkati. Chili ndi timabokosi 169, mizere 13 uku ndi 13 uku, ndipo kalikonse kali ndi kapangidwe kakekake. M'mphepete muli zidutswa za makona atatu 52 zosokedwanso mwaluso, kuphatikiza zinayi za m'ngodya. Zonse pamodzi 225. Pangodya imodzi mayiyu analembapo dzina lake, chaka, mawu oti inali nthawi ya nkhondo, ndi chiwerengero cha zidutswa: 5,602. Anaziwerenga yekha, abale. Lero chofundachi chili ku Bennington Museum, ndipo amachitulutsa kwa masabata ochepa okha pachaka poopa kuti kuwala kungachiwononge.

Papadakis anali mphunzitsi wa masamu. Anachiona koyamba pachithunzi m'buku lina la zofunda za ku Vermont, mtima n'kumugwira, ndiye anakhala zaka akujambula kabokosi kalikonse ndi rula kuti wina aliyense athe kukasoka. Kuchokera pamenepo anthu miyandamiyanda m'mayiko ambiri asoka chofunda chomwechi. Ali ndi dzina limene amadzitchula okha, ma Janiac, ndipo zofunda zawo amazitcha Baby Jane. Gogo wa ku Leeds uja anali mmodzi wa iwo. M'bukumo anachonga ndi pensulo timabokosi timene anamaliza, ndipo ndinatiwerenga: 61. Kenako pensulo inasiya.

Ndiyambe ndi kuyamikira, chifukwa pali choyamikira. Ndisanalembe chilichonse ndinati ndiyese kaye kabokosi kamodzi, kuti ndisamadzudzule gule amene sindinavinepo. Ndinasankha kooneka kophweka. Kabokosi kalikonse n'kamainchesi anayi ndi theka, kungoposa pang'ono chikhatho cha mwana wa sukulu, ndipo mukagawa 5,602 ndi 225 mupeza kuti pakatikati kalikonse kali ndi tizidutswa pafupifupi 25. Tina n'tating'ono kuposa chikhadabo. Mukadula, nsalu yosiyira msoko imakula kuposa kachidutswa kenikeniko. Ndinatha madzulo atatu, awiri mwa iwo magetsi atazima, ndikubaya zala ndi tochi ya foni kukamwa. Zotsatira zake? Nsonga zimene zinayenera kukumana pakati zinaphonyana ngati anthu odana pamaliro.

Apa m'pamene bukuli limagwira ntchito imene nkhani yolembedwa siingathe. Ndingakuuzeni kuti Jane Stickle anali waluso, inu n'kuvomera ndi mutu n'kupitiriza kusuntha chala pafoni. Koma mukalephera nokha kulumikiza tizidutswa 12, n'kukumbukira kuti iye analumikiza 5,602 pamanja, opanda babu, mumayamba kumudziwa m'njira ina. Zala zimamva zimene maso sangamve. Ndipo chimene ena amadandaula nacho, choti bukuli limangokupatsani chojambula popanda kukuuzani kuti muyambe pati n'kumaliza pati, ine ndinachikonda. Mumakhala pamene iye anakhala: kansalu m'manja, funso m'mutu.

Koma mphunzitsi wa masamu ndi mphunzitsi wa masamu basi. Yerekezani zithunzi za chofunda chenicheni ndi zojambula za m'bukumo. Kwa Jane mizere ina inakhota, nsonga zina zinadukira mumsoko, timabokosi tina anatiwonjezera kansalu m'mbali kuti tikwane. Rula sadziwa zimenezo. Rula amawongola. Ndiye chimene anthu amasoka kwenikweni si chofunda cha Jane ayi, koma chofunda chimene Jane akanasoka akanakhala ndi rula wapulasitiki ndi magalasi abwino. Kwa ine kupotoka kuja ndiye kalembedwe ka dzanja lake. Mukatenga kalata ya agogo anu n'kuitayipa pa kompyuta, n'kukonza masipelo onse, mawu atsala, koma agogo achokamo.

Kenako pali mayina. Jane sanatchule timabokosi take mayina. Bukuli linatipatsa zilembo ndi manambala, kuyambira A-1 mpaka M-13, n'kuwonjezera dzina pa kalikonse. Kabokosi ka pakati penipeni, G-7, kamene mitundu yonse ya chofundachi imazungulira, kanatchedwa Indianapolis, mzinda wa wolemba bukuyo, umene uli kutali kwambiri ndi Vermont. Sindikuti anachita mwankhanza. Anachita mwachikondi, ngati mmene munthu amatchulira mwana dzina la kwawo. Koma ife amene tinaphunzira kusukulu kuti mathithi a pa Shire ankatchedwa Murchison, ndipo phiri lakuti "analitulukira" ndi uje, khutu limaima tikaona mlendo akupereka mayina pa chinthu chimene wachipeza chili kale ndi mwini wake.

Mutu wa bukuli ukuchokera ku makalata. Pakati pa zojambulazo wolemba amalembera Jane makalata, kumufunsa mafunso, kumuganizira mmene ankakhalira, kumufotokozera za nthawi yake. Monga wowerenga mabuku, apa m'pamene ndinakhalitsa. Kulembera kalata munthu wakufa ndi luso lakale, ndipo lili ndi msampha wake: wakufa sayankha, ndiye wolemba amamva mawu ake omwe n'kumayesa kuti ndi yankho. Makalatawa ndi aulemu ndi ofunda, koma kufundako n'kumene kumandikayikitsa. Jane wa m'makalatamo ndi mnzako wokoma wa pagulu la amayi osoka, woti mungamwe naye tiyi. Mawu a Jane mwiniwake amene dziko limawadziwa ndi aja a pangodya: dzina, nkhondo, chaka, nambala. Ndi mawu ouma. Munthu amene amalemba chiwerengero cha zidutswa pachofunda chake sakupempha kuti mumukonde. Akukuuzani kuti muone ntchito.

Patapita zaka bukuli litatuluka, ofufuza anapeza nyuzipepala ya ku Bennington ya mu 1863 imene inalemba za chionetsero cha zaulimi cha m'deralo. Inatchula chofundachi, ndipo inati amene anasoka ndi mayi wodwala amene anakhala nthawi yaitali ali chigonere pabedi, ndipo anasoka pofuna kupititsa nthawi. Anapambana mphoto ya madola awiri. Pambuyo pake banjali linagwa m'ngongole n'kutaya munda wawo, ndipo Jane, amene anabadwa mu 1817, anamwalira mu 1896 ali wosauka. Sindingamuimbe mlandu Papadakis chifukwa chosalemba zimene zinali zisanapezeke. Koma mukadziwa zimenezi n'kubwerera ku makalata aja, amamveka ngati munthu amene walowa m'chipinda cha wodwala akuyankhula mokweza za maluwa. Ngakhale kuchepa kwa timabokosi tija kumayamba kumveka mwina. Kabokosi ka mainchesi anayi ndi theka ndi ntchito imene ungaigwire utatsamira pilo, pamiyendo, osafuna tebulo.

Tsopano tibwere ku kamtolo kamene kanadabwitsa agogo.

Ku America ndi ku Ulaya kuli msika wathunthu wa nsalu zotsanzira zakale. Makampani monga Moda, Windham ndi Marcus amatenga zidutswa za m'zaka za m'ma 1800, n'kukopera maluwa ake, n'kudinda pa nsalu yatsopano. Pali akatswiri enieni pantchitoyi, monga Barbara Brackman, amene analemba buku lothandiza kudziwa zaka za chofunda poyang'ana nsalu zake, ndipo iyenso wakonzapo nsalu zoterezi. Si ntchito yachibwana. Amadziwa kufiira kumene kunkachokera ku mizu ya chomera cha madder, amadziwa pinki wodinda pamwamba pa pinki mnzake, amadziwa chikasu chowala ngati dzungu chimene chinkapangidwa ndi mankhwala a chrome.

Vuto langa ndi ili: akutsanzira nsalu ya tsiku liti? Ya tsiku limene Jane anaidula, kapena ya lero itatha zaka zoposa 160? Utoto wa nthawi imeneyo sunali wokhazikika wonse. Mitundu ina ya pepo inkasanduka bulawuni. Wobiriwira nthawi zambiri ankaupanga podinda buluu ndi chikasu pamodzi, ndiye umodzi ukathawa nsalu inkatsala ya mtundu wina. Nsalu yoyera imachita chikasu ndi ukalamba. Ndiye zambiri mwa nsalu zotsanzirazi, ngati zimene zinali m'kamtolo kaja, zimatsanzira kusulukako. Zimabadwa zitakalamba. Ena amafika poviika nsalu yoyera mu tiyi kuti ioneke yakale. Chimene chimatuluka ndi dziko lakale la mtundu wa khofi wothira mkaka, lofatsa, losapweteka maso. Koma anthu a mu 1863 sankakhala m'chithunzi chakale. Ankakonda zowala ngati ife tomwe. Utoto woyamba wopangidwa ndi mankhwala a m'fakitale, pepo wa William Perkin, unali utangotulukira mu 1856, ndipo anthu anauthamangira. Jane ankasoka ndi nsalu za moyo wake, osati "nsalu zakale".

Chinthu china chimene a ku Bennington Museum amanena n'choti m'chofundachi nsalu ya maluwa imene ili m'kabokosi kamodzi siibwerezedwa m'kabokosi kena. Taganizani. Mayi wogona pabedi, m'mudzi wa alimi, nthawi ya nkhondo pamene nsalu ya thonje inakwera mtengo kwambiri, ali ndi mitundu ya nsalu yoposa 200. Mulu wotero umasonkhanitsidwa pang'onopang'ono, zaka ndi zaka, ndipo ine ndikaganiza za kwathu kuno ndimaona anthu akulowa m'chipindamo, aliyense ndi kotsala ka diresi lake. Wosoka wa lero amalowa pa intaneti, n'kuitanitsa mtolo wodulidwa kale, wosankhidwa kale kuti mitundu igwirizane. Nsalu yathunthu amaidula dala kuti isanduke zigamba. Apa pali nthabwala imene agogo anga anaimva msanga kuposa ine: umphawi wa wina wasanduka katundu wodula wa wina.

Ndipo kunsi kwa chofundachi, kumene zithunzi zambiri sizionetsa, Jane anayalako nsalu ya pabedi ya mayi ake, Sarah Blakely, ya zilembo S ndi B zopeta. Imeneyo palibe fakitale ingadinde.

Komabe ndisathamange kuseka azungu, poti chala chimodzi chikaloza uko zitatu zimaloza kuno. Chitenje chimene agogo anavala tsiku lija amachitcha Java. Munadzifunsapo chifukwa chake? Java ndi chilumba cha ku Indonesia, kwawo kwa batiki, nsalu imene amailemba ndi phula pamanja asanaiviike mu utoto. M'zaka za m'ma 1800 a ku Netherlands anayesa kuitsanzira ndi makina kuti azigulitsa motchipa komweko. Pamakinapo phula linkang'aluka, utoto n'kulowa m'ming'alu, n'kusiya timizere ngati mitsempha. Eni batiki sanatengeke nazo kwenikweni, koma ku West Africa zinakondedwa, timizere tomweto n'kukhala chizindikiro cha nsalu yapamwamba. Kampani ya Vlisco ya ku Helmond, imene inayamba mu 1846, ikudindabe mpaka lero. Ndiye zitenje zotchipa zimene zadzaza m'misika yathu zimajambula timing'alu tija dala, popanda phula n'komwe. Kutsanzira cholakwa cha wotsanzira. Koma ndani angauze mayi wa ku Ndirande kuti chitenje chake si chake? Waberekera ana, wapitira kumaliro, wamangira ndalama pansonga.

Ndiye kutsanzira pakokha si tchimo. Kusiyana kumene ndikukuona n'kwakuti chitenje chinaiwala kumene chinachokera n'kuyamba moyo watsopano, pamene nsalu za m'kamtolo kaja zimakana kukhala za lero. Ntchito yake ndi kunamizira kukumbukira. Ndipo zimasankha zokumbukira.

Taonani mawu aja oti nthawi ya nkhondo. M'masitolo a nsalu zotsanzira, nkhondo imeneyi yasanduka dzina la fashoni: pali shelefu ya nsalu za "nthawi ya Civil War" ngati mmene ife tinganenere shelefu ya nsalu za sukulu. Koma 1863 ndi chaka chimene Abraham Lincoln analengeza, pa 1 Januwale, kuti akapolo a m'zigawo zoukira ndi mfulu, ndiponso chaka cha nkhondo ya ku Gettysburg, kumene anyamata a ku Vermont anamenya nawo. Ndipo thonje limene mafakitale a ku New England ankapangira nsalu za timaluwa tokongolati nkhondo isanayambe linkalimidwa ndi kutoledwa ndi akapolo akuda kumwera. Lili mu ulusi wa nsalu zoterozo. Sindikumuda Jane pa zimenezi, mayi wodwala amene ankasoka ndi zimene zinalipo. Koma amene akudinda nsaluzo mwatsopano, n'kuzigulitsa ngati chikumbutso cha masiku abwino a agogo, akutsanzira duwa n'kusiya munda umene linamera.

Thonje lomwelo linafika ndi kuno. A ku Britain ankafunitsitsa malo ena olimako thonje kuti asamadalire la akapolo a ku America, ndipo ichi chinali chimodzi mwa zimene David Livingstone ankafufuza m'chigwa cha Shire, kumene anapeza Amang'anja akulima thonje, kupota ulusi ndi kuwomba nsalu zawo. Chaka chimene Jane ankalemba nambala yake pangodya, chigwa chomwecho chinali m'njala yoopsa ndi m'chipwirikiti cha ogwira akapolo, ndipo boma la Britain linaitanitsa ulendo wa Livingstone kuti ubwerere. Ifenso inali nthawi ya nkhondo. Nsalu za Amang'anja a chaka chimenecho zilibe buku la makalata, ndipo palibe sitolo imene ikugulitsa zotsanzira zake.

Kodi ndiye ndikuti bukuli n'lachabe? Ayi ndithu. Popanda Papadakis, Jane Stickle akanakhala dzina la pakakhadi m'nyumba yosungira zakale ya m'tauni yaing'ono, ndipo ine wa ku Blantyre sindikanabaya zala chifukwa cha iye. Ofufuza aja mwina sakanavutika n'kufukula nyuzipepala zakale pakanapanda khamu la anthu ofunsa kuti mayiyu anali ndani. Buku limene limapangitsa anthu kufunafuna zoona zimene ilo lomwe linalibe lagwira ntchito. Ndimangoona kuti mbali yake yamphamvu ndi ya rula ija, ngakhale imawongola, ndipo yofooka ndi ya makalata, imene imafewetsa.

Ndipo ndikayang'ana zithunzi za ma Baby Jane, zimene zimandigwira mtima si zija zofanana ndi choyambirira mpaka kadontho. Zimenezo ndimazisirira ngati mmene ndimasirira mwana woloweza ndakatulo yaitali osaphonya: ndimaomba m'manja, koma sindibwerera kukamvanso. Zimene ndimabwererako ndi za anthu amene anatenga timabokosi ta Jane n'kusoka ndi nsalu za m'nyumba mwawo, kapena zowala za masiku ano, ena ndi batiki yemwe. Amenewo ndiwo achita zimene iye anachita. Ofananitsa aja atsanzira chofunda, awa atsanzira mayiyo.

Gogo wa ku Leeds sindikumuweruza. Azakhali akuti manja ake ankanjenjemera, ndipo kabokosi kamodzi kankamutengera mwezi. Mwina pa ma Janiac onse iyeyo ndiye anayandikira kwambiri kwa Jane, osati chifukwa cha nsalu zabulawuni zija, koma chifukwa cha mpando umene sankatha kuchokapo. Timabokosi take 61 sitinafike kuno. Azakhali atafika tsiku lotola katundu anapeza thumba lake litapita kale.

Sabata yatha ndinapita ndi bukuli kwa telala wina wa pakhonde ku Limbe, bambo amene pansi pa makina awo pamakhala thumba la zotsala za zitenje, ndipo nthawi zina amazilumikiza n'kusoka zikwama ndi masiketi. Anatsegula, n'kuyang'ana chithunzi cha chofunda chonse nthawi yaitali, magalasi ali pamphuno.

"Ameneyu anali ndi nthawi," anatero.

"Ankadwala, bambo. Anali chigonere."

"Eya, ndaona." Analoza kabokosi kena ndi chikhadabo. "Apa nsalu inamuthera, anachita kulumikiza. Onani msoko uwu." Ndinayang'ana, ndipo msokowo unalipodi, pamalo pamene chojambula cha rula sichinauonetse.

Ndinawafunsa ngati angasoke chotere ndi za m'thumba lawo. Anaseka, n'kundifunsa kuti adzalipira ndani. Kenako anandipatsa zotsala zodzaza manja awiri: Java wofiira, kansalu ka yunifolomu ya kwaya, ndi chidutswa cha chitenje cha chipani chimene chinatsala diso limodzi lokha la mtsogoleri. Anati ndikamaliza kabokosi kachiwiri ndikawaonetse.

Koyamba kaja, ka nsalu za ku Leeds, sindingakuonetseninso bwinobwino. Agogo anakapeza patebulo, n'kuona kuti n'kokhuthala ndi misoko, ndiye akuphulira mphika. Kapsa kale ngodya imodzi.